Nsato yasiya kudya mbewa: zoyang'ana ball python yanu ikakana chakudya

Chaka choyamba chomwe ndinasunga Mthunzi, nsato yanga yaimuna ya mtundu wa ball python, anasiya kudya pakati pa Meyi. Ndinkatenga mbewa pa chopanira nkuigwedeza pakhomo pa kanyumba kake, iye nkungotulutsa lilime kawiri katatu kenaka nkubwezera mutu mkati ngati ndamubweretsera mwala. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Pofika sabata yachisanu tulo tinali titandithera, ndinkadzuka pakati pa usiku kumuunika ndi tochi ya foni kuti ndione ngati akupuma, mbewa zinayi zinali zitapita mu bini ndipo kuno ku Joni mbewa imodzi ndi ndalama. Anadzadya mu Seputembala. Chaka chachiwiri anachitanso zomwezo, chachitatu anadya bwinobwino chaka chonse, chachinayi wabwerezanso, nde ndikamati vutoli limabwerabwera ndikunena zomwe ndaziona mnyumba mwanga momwe.

Ndikudziwa kuti pakati pa ife a kumudzi ukangonena kuti ukuweta njoka anthu amayamba kukuyang'ana ndi diso lina, ena amati ndi zazitsamba zokokera ndalama, ndipo nsato kwathu si nyama wamba, ngakhale ku Khulubvi ku Nsanje amati Mbona amabwera ngati nsato. Chomwe chimandiwawa nchoti chifukwa cha manyazi amenewa mnzathu amene wagula kanjoka kake alibe womufunsa, kakakana kudya amayamba kukatsegula kukamwa ndi zala nkukakankhira mbewa kukhosi, pamapeto pake kanyama kabwinobwino kamafa ndi mantha a mwini wake. Ndalemba izi kuti zimenezo zichepe.

Tiyambe tagwirizana kaye za njoka yomwe tikukamba. Ball python si nsato ya kwathu ija ya m'madambo yomwe imatha kupitirira mamita 4 nkumameza mbuzi. Imene ija dzina lake la sayansi ndi Python natalensis, kuno ku South Africa ndi yotetezedwa ndi lamulo ndipo kuigwira kapena kuisunga popanda chilolezo ndi mlandu, isiyeni kutchire. Ball python ndi Python regius, anzathu a ku Britain amaitchula royal python, kwawo ndi kuzambwe ndi pakati pa Africa, maiko ngati Ghana, Togo ndi Benin. Ikakula imangofika mita imodzi mpaka mita ndi hafu, yaikazi ndi imene imakulirapo. Ikaopa siluma msanga, imadzipinda ngati nkhata nkubisa mutu pakati, dzina lakelo linachokera pamenepo. Kwawoko masana onse imakhala mu una wa mbewa kapena mkati mwa chulu, malo amdima, othina, ofunda komanso a chinyontho, imatuluka kukada. Mukagwira mfundo ya chuluyi mwagwira zonse, chifukwa nthawi zambiri njoka ikakana mbewa vuto silikhala pa mbewayo, limakhala loti nyumba yomwe mwaimangira siikufanana ndi chulu.

Musanasinthe chilichonse tengani sikelo. Ya kukhitchini ya digito yoyezera ufa wa keke ija ikwanira, ikani kabeseni pamwamba, bwezerani pa ziro, ikanimo njoka, lembani magalamu ndi deti mu kope. Muzichita zimenezi kamodzi pa masabata awiri kapena kamodzi pamwezi, osati tsiku ndi tsiku. Maso amanama abale, makamaka maso a munthu amene ali ndi nkhawa, ine ndinkaona ngati Mthunzi watha koma sikelo inati kuchoka pa magalamu 1,180 mu Meyi anafika pa 1,120 mu Ogasiti, ndiye kuti miyezi itatu osadya anangotaya magalamu 60 basi. Njoka sipanga kutentha kwa m'thupi mwake ngati ife, nde mphamvu imagwiritsa ntchito pang'ono kwambiri, yaikulu yathanzi itha kukhala miyezi ingapo osadya ili bwinobwino. Muyeso womwe oweta ambiri timatsatira ndi woti ikataya kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake nkhani yasintha, mupite kwa dokotala wa ziweto. Yang'ananinso msana. Yathanzi thupi lake limakhala lozungulira pang'ono pamwamba, yowonda msana umatuluka nkuthwa ngati mtanda wa denga ndipo khungu la m'mbali limachita makwinya.

Koma zamiyezizi ndi za njoka yaikulu. Kamwana kongoswedwa kumene, komwe nthawi zambiri sikafika nkomwe magalamu 100, kalibe mafuta osungira, kakakana katatu kanayi motsatizana musakhale pansi kudikira, funsani amene anakugulitsani kapena dokotala.

Mukayeza kulemera, chotsatira ndi kutentha, ndipo apa ndi pomwe ambirife timagwera. Njoka imagaya chakudya ndi kutentha kwa malo omwe yagona, ikaona kuti kukuzizira imadziwa yokha kuti mbewa ikaolera m'mimba nde imangokana. Thanki yomwe njoka imakhalamo imafunika mbali ziwiri, yofunda ya madigiri 31 mpaka 32 pansi pomwe imagona, ndi yozizirirapo ya 24 mpaka 26, usiku isamatsike kupitirira pa 23 kapena 22. Manambala amenewa muyeze, musamangoika dzanja nkumati pakufunda. Timathemomita tozungulira tomata pa galasi tija tomwe amakupatsani pogula thanki timanama kwambiri komanso timayeza mpweya wa m'mwamba pomwe njoka ili pansi. Gulani ya digito yokhala ndi kachingwe, kamutu ka kachingweko mukaike mkati mwa kanyumba ka mbali yofunda, kapena kamfuti koyezera kutentha kaja kongolozetsa nkuwerenga. Ine tsiku lomwe ndinayeza moona ndinapeza mbali yofunda ili pa 26 ndipo yozizira pa 19, mtima unandipweteka chifukwa miyezi iwiri yonse ndinkaimba mlandu mbewa. Johannesburg ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja, mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka kuyandikira ziro, ndipo nyumba zambiri zomwe timachita lendi nzosatchinga kuzizira, nde kamphasa kamagetsi kofunditsa pansi komwe kanali kokwanira mu Disembala sikangathe kokha mu Julayi. Kamphasako kamangofunditsa pomwe kakhudza, mpweya wa mu thanki sikaufunditsa. Onjezerani chotenthetsera cha pamwamba, babu ya dongo ija yosawala imagwira bwino ntchito usiku, koma muitchinge ndi kawaya kuti njoka isaizengereze, ndipo thanki muichotse pafupi ndi windo komanso isakhale pa simenti.

Chilichonse chotenthetsa chidutse mu thermostat, kachipangizo kozimitsa ndi kuyatsa chotenthetsera kuti kutentha kusapitirire pomwe mwaika. Apa sindinyengerera. Kamphasa kolumikiza kukhoma mwachindunji kamatha kutentha mpaka kuotcha, ndipo njoka sithawa msanga ikamapsa, imangogona pomwepo mpaka mamba a kumimba afiire nkutuluka matuza. Miyala yamagetsi yofunditsa ija imene amagulitsa m'mashopu ena a ziweto musagule, yaotcha njoka zambiri. Njoka yopsa kumimba sidya, ndipo kutentha kopitirira muyeso kumaikanitsanso chakudya, mukaona ikungokhalira mbali yozizira kapena mu mbale ya madzi yezani mbali yofundayo.

Nanga magetsi akamazimazima? Zinatisautsa kwambiri kuno mu 2022 ndi 2023, ndipo amene muli kumudzi mukuzidziwa bwino kuposa ine. Maola awiri kapena anayi njoka yathanzi sifa nawo, fundani thanki ndi bulangete kuti kutentha komwe kulimo kusathawe, kungosiya kampata ka mpweya. Kumbukani kuti bulangete palokha silifunditsa njoka poti thupi lake silitulutsa kutentha, limangosunga komwe kulipo kale. Akachedwa kuyaka thirani madzi ofunda mu botolo, kulungani ndi thaulo, ikani pambali pa kanyumba osati kukhudzitsa thupi lake. Mbaula kapena hita ya gasi mu chipinda chotseka ayi, mpweya wake umapha njoka ndi inu nomwe. Amene ali ndi ka invata alumikizepo kamphasa ndi thermostat, kamadya magetsi ochepa kwambiri. Ndipo mukadziwa kuti mawa magetsi kulibe tsiku lonse musaipatse chakudya lero, bola idikire kusiyana nkuti imeze kenaka izizidwe.

Kutentha kukakhala kuli bwino yang'anani pobisala. Ambiri tikagula njoka timafuna tiziiona, nde timagula thanki yaikulu yagalasi mbali zonse, kuikamo kanyumba kamodzi kakakulu kokongola, nkuiika pa balaza pafupi ndi TV pomwe ana akudutsa ndi nyimbo zikulira. Kwa nyama ya mu una amenewo ndi malo oopsa, ndipo nyama yamantha sidya chifukwa nthawi yomeza ndi yomwe imakhala yopanda chitetezo, kukamwa kwadzaza, kuthawa singathe. Pakufunika tinyumba tiwiri, kena mbali yofunda kena mbali yozizira, tofanana, kuti isamasankhe pakati pa kufunda ndi kubisala. Tikhale tothina moti ikalowa thupi lizikhudza makoma, khomo limodzi laling'ono. Simufunika zodula, kabakuli kapulasitiki kakuda kovundikira nkuboola pambali kamagwira ntchito, bola musalaze m'mphepete mwa bowolo kuti musacheke. Pakati pa tinyumbato dzazanipo masamba apulasitiki ndi makungwa kuti iziyenda osaonekera, ndipo mbali zitatu za galasi mumate pepala lakuda kunja kwake. Thanki yaikulu payokha si vuto, njoka yaikulu imafuna malo otalika masentimita 120, vuto ndi thanki yaikulu yopanda kanthu ngati bwalo la mpira.

Ngati mwangoigula kumene, isiyeni. Sabata imodzi kapena awiri osaigwira, osaionetsa alendo, kungosintha madzi basi, kenaka muyese chakudya. Ndikudziwa manja amayabwa, koma musayambe kuinyamula mpaka itadya kawiri katatu motsatizana. Ngakhale yakale, nthawi yomwe ikukana chakudya chepetsani zoigwiragwira, muziitulutsa poyeza pa sikelo ndi pokonza mu thanki pokha. Njoka ziwiri mu thanki imodzi nazonso ayi, mukaziona zagonerana sikuti zikukondana, zikulimbirana malo abwino, ndipo imodzi imasiya kudya.

Pali nthawi ina yomwe kukana kwake kulibe vuto ngakhale pang'ono, ndi pamene ikufuna kufundula. Muona kumimba kwachita kapinki, mtundu wake wazilala ngati yawazidwa phulusa, kenaka maso achita mtambo obiriwira motuwa. Masiku amenewo siiona bwino ndipo zambiri sizidya. Maso amayeranso patapita masiku ochepa, kenaka patapita masiku ena atatu kapena asanu imavula khungu, zonse pamodzi zimatenga sabata imodzi ndi hafu mpaka awiri. Dikirani ifundule muipatse pambuyo. Chofunika kuyang'ana apa ndi chinyontho, mu thanki muzikhala 60 mpaka 70 pelesenti, pofundula chikwerepo. Nyengo yozizira ya kuno ku Gauteng ndi youma zedi, milomo yathu yomwe imang'ambika, nde babu yotenthetsa ija imaumitsanso mpweya kuonjezera pamenepo. Khungu likamachoka zidutswazidutswa mmalo motuluka lonse ngati sokosi, chinyontho chachepa. Yalani pansi makoko a kokonati ogaya, thirani madzi m'makona kuti pansi pazikhala ponyowa koma pamwamba pouma, tsekani mbali yaikulu ya chivundikiro ngati ndi cha sefa, ikani mbale ya madzi yokulirapo. Utuchi wa paini ndi wa mkungudza musayale, mafuta ake amapweteka njoka. Khungu likatsalira m'maso musalitong'ole ndi zikhadabo, ikani njoka mu kabokosi koboola mpweya momwe muli thaulo lonyowa lofunda kwa mphindi 20 kapena 30 izidzikhula yokha, zikakanika ndi ntchito ya dokotala.

Tsopano nyengo, yomwe ndi nkhani ya Mthunzi. Nditakonza kutentha ndi tinyumba chaka chachiwiri anakanabe, ndipo apa mpomwe ndinamvetsa kuti zaimuna zikakhwima zimakonda kusala chakudya nyengo yoswana, yomwe m'manja mwa oweta imagwera miyezi yozizira. Kuno ndi kuyambira cha mu Meyi, amene muli ku Britain muziona cha mu Novembala mpaka Malichi. Olo thanki ikhale yofunda bwanji njoka imazindikira kuti masiku afupika ndi kuti mpweya wasintha. Zazikazi nazo zimachita, makamaka zikamakonzekera mazira. Chizindikiro chake nchoti njoka ili ndi mphamvu, usiku ikuyendayenda, lilime likutuluka bwino, madzi ikumwa, sikelo sikutsika kwenikweni, koma mbewa ayi. Pamenepa palibe choti mukonze. Muziyesa kamodzi pa masabata awiri kapena atatu, ikakana tayani, lembani mu kope. Kuiyesa tsiku lililonse kumangoitopetsa nkutalikitsa vutolo.

Penanso njoka imakhala kuti yangokhuta ndithu. Kamwana kamadya pa masiku 5 mpaka 7 aliwonse, yosinkhukirapo pa masiku 7 mpaka 10, yaikulu kamodzi pa masabata awiri kapena atatu. Mukamaipatsa yaikulu khoswe sabata ndi sabata imanenepa mpaka khungu kumaoneka pakati pa mamba, tsiku lina imadziikira yokha malire.

Zonsezi zikakhala bwino mpomwe timafika pa mbewa yeniyeniyo, ndipo apa ndifotokoze pang'onopang'ono chifukwa kaperekedwe kokha kamasintha zinthu. Ball python ili ndi timaenje pa mlomo wam'mwamba, mukaiyang'anitsitsa mutiona tandandalika, timeneto timamva kutentha kwa nyama ngakhale mu mdima. Mbewa yozizira kwa iyo si chakudya. Ine ndimatulutsa mbewa mu filiza dzulo lake, kuiika mu kajumbo kotseka pakamwa mkati mwa kontena yakeyake, nkuisiya mu firiji usiku wonse kutali ndi ndiwo. Madzulo a tsiku lodyetsa ndimaviika kajumboko m'madzi ofunda kwambiri koma osawira kwa mphindi 15 kapena 20, kenaka ndimadina pamimba ndi chala, mukamva kabuluma kolimba kozizira mkati ndiye kuti sinasungunuke, ibwezereni m'madzi. Mu microwave musaike, imapsa malo ena kwina kuli ayezi ndipo imatha kuphulika. Ikafewa ndimaiumitsa mutu ndi dilaya ya tsitsi nditaima pafupi ndi thanki kuti fungo lilowe, mpaka mutuwo ufike madigiri 37 kapena 38 ngati nyama yamoyo. Nthawi zambiri ndikamatero ndimaona kamutu katulukira kale pakhomo. Ndimazimitsa magetsi a m'chipinda, kugwira mbewa ndi chopanira chachitali pakhosi kapena pamsana osati kuilendewetsa kumchira kuchokera m'mwamba ngati kabawi akutsika, nkuiyendetsa pansi pang'onopang'ono chapatali ndi mphuno yake. Kuimenya nayo kumaso musayerekeze, njoka ina imalusa nkugwira koma ball python imangodzipinda ndipo mwaiopseza sabata yonse. Ikapanda kugwira pa mphindi zochepa siyani mbewayo pakhomo pa kanyumba, tsekani, tulukani. Zina ndi zamanyazi, zimadya pokhapokha palibe woziona. Mmawa ikakhala ilipobe tayani, musaibwezere mu filiza. Ndipo musambe m'manja ndi sopo mukagwira mbewa kapena njoka, zonse zimatha kunyamula tizilombo toyambitsa matenda ta salmonella, makamaka ngati mnyumba muli ana aang'ono.

Mudyetsereni mu thanki yake momwemo. Pali malangizo akale oti muzisamutsira njoka mu bokosi lina podyetsa kuti isazolowere kuluma dzanja, kwa ball python zimenezo zimangoonjezera mantha, kenaka muinyamulenso mimba ili yodzaza.

Kukula kwa mbewa kusapitirire pomwe thupi la njoka lanenepa kwambiri. Ikakhala ikukana yesani yocheperapo kuposa ya masiku onse. Funsaninso amene anakugulitsani kuti inkadya chani, chifukwa njokazi zimakakamira chomwe zinazolowera, yoleredwa ndi mbewa zoyera imatha kukana khoswe, yozolowera zamoyo imakana zamufiliza. Oweta akuno amagulitsanso zomwe amazitchula ma multi, dzina la sayansi Mastomys natalensis, ndipo nditaziona koyamba ndinazindikira kuti ndi kapuku yemwe uja tinkakumba m'munda tikakolola chimanga. Mbewa za mtundu umenewu zimapezekanso kwawo kwa njokazi nde fungo lake limazidzutsa njala, ambiri amene njoka zawo zakana miyezi amapulumukira pamenepo. Kungoti ikazolowera kapuku ina safunanso china, nde muyambe mwaona ngati muzimupeza nthawi zonse. Njira ina ndi kukhula khoswe ndi utuchi wa mu khola la ma multi kuti atenge fungo, kapena kuboola pang'ono mutu wa mbewa yakufayo ndi singano kuti fungo la bongo lituluke, nzonyansa koma zimathandiza. Makoswe a mnyumba ndi mbewa zogwira kutchire musaipatse olo zitavuta bwanji, simudziwa ngati zadya mankhwala a makoswe komanso zimakhala ndi njoka zam'mimba. Ya moyo ndi njira yomaliza, ndipo mukaiika musachoke pamenepo ngakhale mphindi imodzi, khoswe wanjala amadya njoka yamoyo kuyambira pamsana iyo itangodzipinda osadziteteza.

Kusanza ndi nkhani ina, ndipo ndi yoopsa kuposa kukana. Mukapeza mbewa yatuluka patapita tsiku limodzi kapena awiri, yonunkha kwambiri, kawirikawiri chifukwa chake ndi kuzizira, mbewa yaikulu kwambiri, kapena munainyamula isanagaye. Ikadya pamafunika maola 48 osaigwira. Ikasanza musaipatse china msanga, kukhosi kumakhala kwapsa ndi asidi wa m'mimba, dikirani masabata awiri athunthu, konzani kutentha, kenaka muyambe ndi kambewa kakang'ono. Ikasanza kachiwiri motsatizana pitani kwa dokotala.

Tsopano zomwe simuyenera kudikira nazo. Mukamva kakhweru kapena kuthetheka ikamapuma, mukaona thovu kapena mamina kukamwa ndi m'mphuno, ikamakhala yasamula kukamwa mutu uli m'mwamba, amenewo ndi matenda a m'mapapo ndipo njoka sitha kutsokomola kuti ichotse makhololo, imafunika mankhwala. Nkhama zikafiira, kutupa kapena kukhala ndi zoyera ngati mafinya ouma, kukamwa kwayamba kuola. Mukaona timadontho takuda toyenda m'mbali mwa maso ndi pansi pa chibwano, kapena tamira mu mbale ya madzi pomwe njoka ikungokhalira m'madzimo, ndi nthata za njoka, zimayamwa magazi, pukutani thupi ndi tishu yoyera yonyowa muziona. Musaipopere mankhwala ophera mphemvu kapena kuisambitsa dibi ya agalu, funsani dokotala mankhwala oyenera, chotsani zoyala zonse muyale mapepala oyera mpaka zithe. Ikamagwa chagada osatha kudzitembenuza, kapena kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali mutu ukuzungulira, thamangani nayo, ndipo ngati muli ndi njoka zina muipatule chifukwa pali matenda a mavairasi ngati IBD omwe amafala pakati pa nsato ndi njoka zina zazikulu zotchedwa boa. Si dokotala wa ziweto aliyense amadziwa njoka, ambiri ndi a agalu ndi amphaka, nde imbani foni mufunse ngati amaona zokwawa, ndipo nambala yake muisunge lero njoka isanadwale. Popita tengani kope lanu lija, chithunzi cha thanki, ndi chimbudzi chake chatsopano mu kajumbo ngati chilipo kuti akayeze tizilombo ta m'mimba. Zokankhira chakudya kukhosi asiyireni iwo.

Kwa amene simunagule, theka la mavutowa mutha kulipewa pa tsiku logula. Gulani yoswedwa m'manja mwa oweta, osati yochokera kutchire. Ghana, Togo ndi Benin amatumiza kunja ball python zambiri pansi pa malamulo a CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, zina ndi ana oswedwa ku mazira otoledwa kutchire, ndipo zogwidwa zili zazikulu ndi zomwe zimavuta kwambiri kudya komanso zimabwera ndi nkhupakupa. Mufunse wogulitsa kuti yadya kangati, inadya liti komaliza, imadya chani, yamoyo kapena yamufiliza. Woweta weniweni amakhala ndi kakhadi kolembapo zonsezi, amene akuyankha kuti imadya chilichonse musiyeni. Kamwana kakhale katadya kokha kasanu kapena kuposa musanakatenge. Mitundu yamawangamawanga ilipo yambiri ndipo ina ndi yodula, koma pewani ya spider ndi zosakaniza zake, imabadwa ndi vuto la mitsempha loti mutu umagwedezeka ndipo ina imaphonya mbewa pogwira. Thanki muikonze nkuiyatsa sabata imodzi njoka isanabwere kuti muone ngati manambala akukhazikika usana ndi usiku. Za zilolezo malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo kuno ku South Africa, funsani a zachilengedwe a komwe mukukhala, komanso a landilodi muwauze poyamba. Ndipo muganize za zaka, njokazi zimakhala zaka 20 mpaka 30, ku Saint Louis Zoo ku America ina inaikira mazira mu 2020 ili ndi zaka 62. Ife amene tili kunja timasamukasamuka, tsiku lina tidzafuna kubwerera kumudzi, nde mudzifunse kuti idzatsala ndi ndani.

Ngati mukudziwa kuti mtima wanu sungapirire nyama yosala miyezi inayi, boa imadya mosavuta, Boa imperator ya ku Central America kawirikawiri sibweza mbewa. Koma imakula kufika mamita awiri kapena kuposa, imafuna khola lalikulu ndi makoswe akuluakulu, ndipo vuto lake limakhala lotembenuza, kuinenepetsa. Ine kwa woyamba kumene amene ali mu kachipinda ka lendi ndimalangizabe ball python, bola alowe akudziwa khalidwe lakeli.

Ikadzayambiranso kudya musabwezere zonse zomwe inaphonya. Usiku wa mu Seputembala uja ndinapatsa Mthunzi kakhoswe kakang'ono, theka la yemwe ankadya kale. Anatulutsa mutu, khosi nkulipinda, lilime likuthamanga, kenaka anagwira mwamphamvu mpaka chopanira chinandigwedezeka m'manja nkudzikulunga pomwepo. Ndinatseka galasi mwakachetechete, ndinatuluka, ndinakasuzumira patatha ola limodzi ndinapeza kamchira kokha kakulowa. Masiku awiri sindinamukhudze, ndinangoonetsetsa kuti mbali yofunda ili pa 32. Wachiwiri ndinamupatsa patatha masiku 14, wamng'ono yemweyo, wachitatu mpomwe ndinabwerera pa saizi yake, ndipo pofika Disembala sikelo inali pa magalamu 1,200.